Kachirombo ka m'Kalata

Maganizo ochoka kwathu ku Mpanshya ndinawamanga tsiku limene ndinaona magazi a mwana wanga Lusiya pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'labotale ina mu Lusaka, ndipo kumudzi ndinkabwera pakutha pa mwezi. Mkazi wanga Veronika ankakhala ndi mwanayo, akulima chimanga pa munda umene atate anga anatsegula atasamuka kuchokera ku Petauke. Mwana wathu woyamba, Petulo, tinali titamuika m'manda ali ndi zaka zitatu. Achikulire ankati anali ndi nyamakazi, popeza ankalira mafupa chisanu chikayamba. Lusiya atayamba kutupa zala ndi kulira kulira komweko, ndinatenga kadontho ka magazi ake n'kupita nako kuntchito. M'malo mwa maselo ozungulira ngati timbale, ndinaona ena atapindika ngati zenga lomwetera udzu.

Matendawa madokotala amawatcha siko selo. Mwana amabadwa nawo, atalandira theka kwa atate ake ndi theka kwa amake, makolowo ali athanzi osadziwa kanthu. Maselo opindikawo amatsekereza m'mitsempha, mwana n'kumva ululu ngati mafupa akuthyoka, ndipo maselowo amafa msanga, magazi n'kuchepa. Chimene chipatala chathu cha mishoni chinkatha kuchita chinali kuchepetsa ululu ndi kumuwonjezera magazi. Gulu la magazi a Lusiya linali losowa. Pakati pa abale onse, tinali nalo anthu atatu: ine, amake, ndi alamu anga a Sakala, mlongo wake wa Veronika.

Zinanditengera zaka zinayi za kuphunzira ndi kulemba makalata kuti ndipeze malo pa yunivesite ina ku Ulaya, kumene ankafufuza njira yokonzera matenda otere pa muzu pake. Kalata yondilandira inafika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, Lusiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinapeza Veronika akutonola chimanga pakhonde.

"Amake Lusiya, kalata ija yabwera. Andilandira."

"Zaka zingati?"

"Zitatu. Kapena zinayi."

Manja ake sanaleke kutonola. "Nanga magazi akachepa, adzapereka ndani?"

"Inu mulipo. Alamu aliponso."

"Ine ndilipo," anatero. Anaponya chitsononkho pamulu, natenga chimanga china. "Pitani. Koma mukabwere ndi mankhwala, osati ndi suti yokha."

Ndiyenera kufotokoza pang'ono ntchito imene ndinapitira, chifukwa kusafotokoza ndiko kunandipweteka. M'selo iliyonse ya thupi muli malangizo olembedwa, amene mwana amalandira kwa makolo ake. Mwa Lusiya, chilembo chimodzi chokha pa malangizo opangira magazi chinali cholakwika. Ife tinkafuna kulowetsa malangizo olondola m'maselo a m'mafuta a m'mafupa, amene amabala magazi. Koma selo ndi nyumba yotseka, ndipo amene amadziwa kulowamo ndi kachirombo. Ndiye tinkatenga kachirombo, kukachotsa mano ndi matumbo ake onse oipa, kuika uthenga wathu m'kati mwake, n'kukatuma ngati mthenga.

Malangizo amenewa akatswiri amawatcha majini. Ine ndinaphunzitsidwa ndi ansembe a ku mishoni, amene ankatimenya zala ndi rula tikaika mawu pamalo posayenera, ndipo ndinkadzitama kuti ndine munthu wosamala chinenero. Ndinadziwa kuti ndikalembera kumudzi kuti ndikugwira ntchito ndi majini, pofika Lamlungu Mpanshya yense adzakhala atamva kuti Tembo wapita kutsidya kwa nyanja kukaweta mizimu yoipa. Mawu amenewo ndinawapewa zaka zonse zinayi. Pamodzi ndi mawuwo ndinapewanso nkhani yonse. Ndinkadziuza kuti mkazi wanga analekezera sukulu panjira, ndipo za maselo sangazimve. M'makalata ndinkangoti, ntchito ikuyenda, mankhwala tikuwafunafuna, pempherani.

Mzinda umene ndinakhalamo unali wa m'mbali mwa mtsinje wakuda, ndipo m'nyengo yachisanu dzuwa linkalowa ana asanaweruke kusukulu. Ndinali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ndalama imene ankandipatsa inali ya mwana wasukulu, pomwe ine ndinali bambo wa zaka makumi anayi. Gawo lalikulu ndinkatumiza kwa msuweni wanga wa mu Lusaka, amene ankaipereka kwa munthu wodziwika wokwera basi ya kummawa. Yotsalayo inkakwanira buledi, mazira ndi kabichi. Ndinaonda mpaka kuboola bowo latsopano pa lamba. Chaka chachiwiri ndinatumiza ndalama ya malata, kuti tidzafolere nyumba ndikadzabwera, ndipo Veronika analemba kuti awaimika kuseri kwa nkhokwe.

Anzanga a m'labotale anali anthu abwino, koma ubwino wawo unkathera pakhomo. Moni wawo unali wa mawu amodzi, munthu akupitirira. Panali masiku a Loweruka ndi Lamlungu amene sindinkatsegula pakamwa kupatula poyankha Misa. Maselo ofufuzira amafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku ngati anapiye, choncho ndinkapita kukawasinthira madzi awo ofiira ngakhale pa tchuthi, ndipo pogwira ntchitoyo ndinayamba chizolowezi cholankhula ndi Veronika mumtima. Ndinkamuuza zonse: kuti lero mthenga wakana kulowa, kuti lero walowa koma wataya katundu panjira, kuti mbewa zathu zitatu zafa. Iye ankandiyankha mumtima momwemo, mwanzeru ndi mwanthabwala zake. Patapita zaka, sindinkathanso kusiyanitsa zimene ndinamulemberadi ndi zimene ndinangomuuza ndili ndekha.

Zaka zitatu zoyamba zinali za kulephera kokhakokha. Tinkagwiritsa ntchito kachirombo ka mbewa, ndipo uthenga wa magazi unkafika uli wong'ambika, kapena unkafika bwino n'kukhala chete osagwira ntchito. Kalata iliyonse ya kumudzi ndinkaitsegula nditaimirira. Lusiya wagona m'chipatala masiku asanu. Lusiya maso achita chikasu. Lusiya amuwonjezera magazi, ndapereka ine. Ndinkawerenga, kupinda kalatayo, kubwerera pa tebulo, ndi kuyambanso kuyesa kumene kunalephereka dzulo. Petulo anafika zaka zitatu. Lusiya anali atadutsa zisanu ndi zitatu, ndipo chisanu chilichonse ndinkachiona ngati mtsinje wodzaza umene mwanayo ayenera kuwoloka ine ndili kutali.

Ndinabwera kumudzi kamodzi kokha, milungu itatu, chaka chachitatu chikutha. Lusiya anali wamng'ono msinkhu kuposa anzake, koma wakuthwa mutu, ndipo ankalemba bwino kuposa ine pamsinkhu umenewo. Anatsegula chikwama changa, natulutsa maswiti, nsapato ndi juzi, napitiriza kufufuza mpaka pansi.

"Atate, nanga mankhwala aja?"

"Akali kuphikidwa, mama."

"Zaka zitatu? Ngakhale nyemba za amayi sizitenga choncho."

Tonse tinaseka. Amake anaseka nawo, koma anandiyang'ana pamwamba pa mutu wa mwanayo, ndipo ine ndinayang'ana pansi.

Nditabwerera ku Ulaya ndinapeza zinthu zitasintha. Profesa wathu, mayi wamfupi wa imvi amene ankayenda ngati wachedwa basi, anatiitana n'kutiuza kuti kachirombo ka mbewa tikusiya. Panali kachirombo kena kodziwa kulowa ngakhale m'maselo ogona, amene ka mbewa kaja kankawalephera. Kanali kachirombo koyambitsa Edzi. Anzanga anayamba kufunsa mafunso a ukatswiri. M'makalata a chaka chimenecho munali maliro a anthu amene ndinakula nawo: mphunzitsi wa kwaya, mkazi wake, ana awiri a mnansi wathu amene ankayendetsa malole pa msewu waukulu wa kummawa. Kwathu dzina la matendawa silinkatchulidwa poyera. Anthu ankangoti kachirombo, ena kadoyo, ndipo akatero ankatsitsa mawu. Tsopano ndinauzidwa kuti chilombo chomwe chinkamaliza anzanga ndichichotse mano, ndichitume kukapulumutsa mwana wanga. Ndinagwada m'tchalitchi Lamlungu limenelo n'kuuza Mulungu kuti ngati njira ndi imeneyo, ndidzaiyenda.

Miyezi isanu ndi itatu ndinalimbana nako. Sitinkagwira kachirombo kamoyo koopsa, koma zidutswa zake zokha, zimene tinkasonkhanitsa kuti zikhale chigoba chopanda mphamvu yoswana. Poyesa, tinaikamo uthenga wochititsa selo kuwala mobiriwira ngati mthengayo walowadi. M'mawa wina wa mwezi wa Epulo ndinaika mbale ya maselo a magazi pa makina, ndinayatsa nyali yake, ndipo ndinaona kubiriwira ponseponse, ngati munda wa chimanga mvula itagwa bwino. Profesa anabwera, anayang'ana, anandigwira paphewa. Amenewo sanali mankhwala. Unali uthenga woyesera chabe, m'mbale, osati mwa munthu. Koma kwa ine khomo limene ndinagogoda zaka zinayi linali litatseguka.

Ndinathamangira ku positi nthawi ya chakudya chamasana, ndinagula pepala labuluu lolembapo kalata ya pa ndege, ndipo ndinalemba nditaimirira, ndikuganiza kuti ndikupitiriza nkhani imene ine ndi Veronika tinkakambirana tsiku ndi tsiku. Kalatayo ikadalipo. Ikuti:

"Amake Lusiya, moni. Kachirombo kaja ndili nako tsopano. Lero m'mawa ndadzionera ndi maso anga kuti kalowa m'magazi. Ndi komweko kamene kakumaliza anthu kwathuko, koma musaope. Zambiri ndidzafotokoza ndikadzabwera. Musauze mwana pakali pano, kuti angayembekezere zambiri. Pempherani."

Ndinatumizanso chithunzi chimene mnzanga anandijambula masiku omwewo, nditavala chovala choyera, khosi lili ngati la nkhuku yonyowa.

Yankho linafika patapita mwezi. Linali la mizere itatu. "Kalata talandira. Mulungu ndiye adziwa. Muzidya." Ndinakhumudwa. Ndinadziuza kuti ndi mmene alili anthu a kumudzi, uwabweretsere nkhani yaikulu, iwo akuuze za chakudya. Sindinalembenso kwa milungu ingapo, mbali ina chifukwa cha ntchito, mbali ina chifukwa cha kunyada.

Kumapeto kwa Juni kunafika envulopu yolembedwa ndi pensulo. M'kati munali pepala long'ambidwa m'kope la sukulu.

"Atate, moni. Ine ndili bwino pang'ono. Ndinamva amayi akuuza amalume kuti inunso mwadwala matenda a m'magazi osachira. Musaope atate. Poyamba zimawawa koma munthu amazolowera. Muzimwa madzi ambiri ndipo musamasambe ozizira. Zikawawa kwambiri muziyang'ana chinthu chimodzi padenga mpaka zitachepa. Mubwere ndidzakuphunzitsani zina. Ndine mwana wanu Lusiya."

Ndinaiwerenga m'khonde la labotale, anthu akundilambalala. Poyamba sindinamve. Kenaka mawu a kalata yanga ija anabwerera limodzi limodzi, ndipo ndinawamva monga mmene angawamvere mkazi wa ku Mpanshya amene waika m'manda anansi ake, amene mwamuna wake wakhala yekha kunja zaka zinayi, amene anagona naye pa mphasa imodzi miyezi ingapo yapitayo. Ndipo pambuyo pa zonsezo linabwera ganizo loopsa koposa: kumudzi ndi nyengo yachisanu, ndipo mayi amene akukhulupirira kuti magazi ake ali ndi kachirombo sadzatambasula mkono wake kuti apatse mwana.

Kumudzi kunalibe telefoni. Ndinaimbira msuweni wanga kuntchito kwake mu Lusaka, ndinamupempha kuti atumize uthenga pa basi ya tsiku lomwelo wakuti ndili bwino, sindikudwala. Anayankha mofatsa kwambiri, "Inde achimwene, tamva. Limbani mtima." Ndinazindikira kuti nayenso anali atauzidwa, ndiponso kuti aliyense amene anali nako ankanena chimodzimodzi, kuti ali bwino.

Ndinapita kwa Profesa. Anamvetsera nkhani yonse, anavula magalasi.

"Lembani kalata ina, mufotokoze bwino. Tatsala pang'ono, Tembo. Chaka chimodzi, ziwiri, tidzayesa uthenga weniweni mu mbewa."

"Mu mbewa," ndinatero. "Nanga mwa mwana?"

Anali munthu wosanama. "Zaka khumi. Kapena makumi awiri."

Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira kale, monga katswiri. Monga bambo, ndinali ndisanalole kuzimva. Ndinasanja timabotolo tanga m'bokosi, ndinalemba chilembo L cha dzina la Lusiya pachivundikiro, ndinaliika m'firiji yozizira koposa, ndipo makope anga onse ndinasiyira mnzanga wina. Kupeza ndalama ya ndege ndi mpando kunatenga masiku khumi ndi awiri. Pa masiku onse a moyo wanga, amenewo ndi amene sindifuna kuwakumbukira.

Kuchoka mu Lusaka ndinakwera minibasi. Titaima pa Chinyunyu, pamene nthunzi ya akasupe otentha imaoneka m'mawa wachisanu, amayi ogulitsa anazinga mawindo. Mmodzi wa iwo, amake Jelita, amene kale ankapemphera nafe asanakwatiwe kumeneko, anandizindikira. Anatsitsa beseni lake, anandiyang'ana tsitsi, khosi, manja.

"Ba Tembo, mwabwela. Mulungu ni wabwino, mwafika na mapazi yanu." Analowetsa phava la nthochi pawindo. Nditatulutsa ndalama anakankha dzanja langa. "Iyayi. Manje mufunika kudya."

Nditafika pakhomo pathu ndinaona chinthu chimene sindinachisiye. Pambali pa nyumba yathu yaudzu panali chipinda chatsopano cha njerwa zootcha, chofoleredwa ndi malata anga aja, chokhala ndi windo loyang'ana kunjira. Chitseko chinali chotsegula. M'kati munali bedi, bulangeti latsopano, ndowa, beseni, ndi mtanda pakhoma. Munalibe munthu. Chinali chikudikira.

Veronika anatuluka m'nyumba, anagwada patali pang'ono monga mwa mwambo, anandipatsa moni wa mawu otsika. Anali ataonda kuposa ine.

"Mwana ali kuti?"

Analoza kuseri. Lusiya anali pa mkeka padzuwa, atafunda juzi ija. Atandiona anayesa kuimirira, koma mwendo wamanja unakana. Dzanja lake lamanja linali gone pamiyendo ngati la munthu wina, ndipo pakamwa panali patakokekera mbali imodzi. Anamwetulira ndi mbali yotsalayo. "A-ta-te," anatero, mawu akutuluka ngati akukwera phiri.

Veronika anandifotokozera titakhala pakhonde. Analankhula mosalira, ngati akunena za munthu wina. Milungu itatu m'mbuyomo, mwanayo anadwala malungo, magazi anatsika kwambiri. Kuchipatala anati, amayi, gonani apa mupereke monga mwa masiku onse. Iye anakana. Anamwino anamuuza kuti magazi alionse amayamba ayezedwa, ndipo ngati ali ndi vuto saperekedwa. Anamuchonderera. Anayeza ogwira ntchito amene analipo ndi anansi amene anabwera, koma gulu silinagwirizane.

"Ndinati akandiyeza andiuza, ndipo akandiuza ndigwa pomwepo, mwana n'kutsala yekha. Ndinatinso makina angaphonye, ine n'kumuthira mwana wanga poizoni ndi mkono wangawu. Ndinabwereka njinga kukafuna achimwene."

A Sakala anali atapita kukagula mbuzi kumidzi ya kutali kuseri kwa mapiri. Anawapeza tsiku lotsatira. Pamene ankafika kuchipatala, mwanayo anali atakomoka kale, ndipo magazi a amalume ake anapulumutsa moyo koma sanabweze dzanja.

"Amake Lusiya," ndinatero, "ine ndilibe kachirombo."

"Onse amatero."

"Kamene ndinanena kali m'botolo. Ndi ka ntchito."

Analowa m'nyumba, anabwera ndi buku lake la nyimbo, anatulutsamo pepala labuluu lija, lofewa chifukwa cha kupindidwa ndi kupindulidwa. "Werengani," anatero. "Mundionetse pamene palembedwa botolo."

Ndinawerenga. Panalibe.

M'mawa mwake tinapita tonse awiri kuchipatala kukayezetsa. Mnyamata wa m'labotale anali munthu amene ndinamuphunzitsapo ntchito mu Lusaka, ndipo zotsatira atazipeza anatiitanira m'kachipinda, nkhope yake ikuwala. Tonse awiri tinalibe. Ndinkayembekezera kuti Veronika alira, kapena andikalipira. Anangotuluka, nakhala pa sitepe, napinda mkono wa bulauzi, nayang'ana mtsempha wa pachigongono pamene ankamubaya nthawi zonse.

"Ndiye kuti magazi anga anali abwino," anatero. "Nthawi yonseyi anali abwino."

Ndinakhala pansi pambali pake, pa sitepe pomwepo.

A Sakala anamva nkhaniyo madzulo ake. Anabwera akukankha njinga, anaima patsogolo pa chipinda chija, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, njerwa zonsezi ndinaumba ndi msana wangawu, nkhuni zootchera ndinadula ndekha, ndiye inu mukubwera wamoyo?"

"Pepani alamu."

"Pepani wa chiyani? Loweruka lililonse mphakati wonse unali pano. Azimayi kutunga madzi, azibambo kumanga. Mpaka anagawana masiku, wakuti adzakusambitsani Lolemba, wakuti Lachiwiri. Ine anandipatsa Lachisanu. Ndinati munthu wa ku Ulaya ameneyu, sopo wake ndimupeza kuti?" Anaseka, kenaka kuseka kunatha. "Mukanalemba tsamba limodzi lokha, alamu. Sukulu yonse ija."

Mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana opemphera pamodzi. Anali alimi, ophika kuchipatala, mlonda wa pasukulu. Onse ankakhulupirira kuti ndatenga matenda amene anthu ankawaopa ngakhale kuwatchula, ndiponso kuti ndawatenga m'njira yochititsa manyazi mkazi wanga. Ena analankhula, sindikana, ndipo panali mabanja amene analeka kubwereka lichero kwa Veronika. Koma ambiri anaumba njerwa. Anaika windo kunjira kuti wodwalayo aziona anthu odutsa, asamasungulumwe. Ine ndinakhala zaka zinayi pakati pa anthu ophunzira, ndikuganiza kuti anthu akwathu sangamvetse ntchito yanga. Iwo, pa mawu ochepa amene ndinawaponyera, anamva chimene mawuwo ankanenadi m'chinenero chathu, ndipo anachitapo kanthu ndi manja awo.

Ku Ulaya sindinabwerere. Ndinapempha ntchito m'labotale ya chipatala chakwathu, yoyeza malungo ndi magulu a magazi, ndipo ndinaigwira mpaka kupuma. M'chipinda chija munalowa Lusiya. Anaphunzira kuyenda ndi ndodo, kulemba ndi dzanja lamanzere, ndi kulankhula pang'onopang'ono, ndipo pa windo lija ankaseka aliyense wodutsa ndi njinga yopanda mabuleki. Tsiku lina, ndili gone pa benchi ya kuchipatala magazi anga akutsikira m'thumba lake, anandifunsa, "Atate, kachirombo kanu kaja kali kuti?" Ndinati kali m'firiji, kutsidya kwa nyanja. Anati, "Kasiyeni kagone. Inu khalani pompano." Anakhala nafe mpaka atapitirira zaka makumi awiri. Anatisiya m'nyengo yachisanu, tonse awiri tili pambali pake, ndipo tinamuika pafupi ndi mlongo wake Petulo.

Tsopano ndine nkhalamba, ndipo magazi anga achipatala salandiranso. Posachedwapa mnzanga uja ndinamusiyira makope, amene nayenso ali ndi imvi, anandifunafuna mpaka kundipeza, nandilembera kuti njira ija inatheka. Anthu ena, m'maiko ena, atagwira ntchito zaka zambiri, anatuma kachirombo kochotsedwa mano kaja, ndipo pali ana a siko selo amene achira. Mtengo wake ndi wakuti ngakhale mudzi wonse utagulitsa ng'ombe ndi minda sungafikepo. Komabe zinatheka.

Kalatayo sindinaibise. Ndinaitana Veronika pakhonde, ndinatenga mbale ya chimanga chotonola, ndipo ndinayamba pachiyambi penipeni. Njere iyi ndi selo. M'kati mwake muli malangizo, amene amawatcha majini, koma si mizimu. Kachitsotso aka ndi kachirombo. Ndinafotokoza za chilembo cholakwika, za mthenga, za mbewa, za kubiriwira kumene ndinaona m'mawa uja. Zinatenga masana awiri. Anandidula mawu kambirimbiri, ndipo mafunso ake ena anali omwewo amene Profesa ankafunsa.

"Ndiye mthengayo mumamuchotsa mano, koma miyendo mumamusiyira?"

"Ndi momwemo."

"Ndipo akapereka uthenga sangaswane, amathera pomwepo?"

"Amathera pomwepo."

Anasuntha njere zija ndi chala. Kenaka anazibwezera m'mbale imodzi imodzi, anatenga kalata ya mnzangayo, anaipinda bwino, naiika m'buku la nyimbo pambali pa pepala labuluu lija.

"Atate ake Lusiya," anatero, "zimenezi ndikanazimva."